Wagula disiki ndi ndalama zako koma sungaiike pa kompyuta iliyonse: mlandu wa Apple ndi Psystar

Mphwanga wina amene amakonda zojambula nyimbo anandilembera pa WhatsApp kuti achimwene, kodi n'zotheka kuika macOS ija ya pa MacBook pa laputopu yanga ya kaunjikayi? Anaonera mavidiyo pa YouTube anthu akuchita zomwezo, laputopu wamba koma ikayaka pa sikirini pakubwera chizindikiro cha Apple. Kenako anamvanso kuti Apple inalengeza mu Juni 2025 kuti macOS Tahoe 26 ndiyo yomaliza pa makompyuta okhala ndi purosesa ya Intel, ndiye mutu unamuima: ngati n'zoletsedwa zikutheka bwanji, ngati zikutheka akuletseranji, nanga za Intel zikubweramo bwanji?

Ndinamuyankha mwachidule koma ndinaona kuti nkhaniyi njofunika kuikhalira pansi, chifukwa funso lomweli linafikapo kukhoti ku America, pakati pa Apple ndi kakampani kena kakang'ono ka ku Florida kotchedwa Psystar, ndipo mlandu wake unayenda kuyambira 2008 mpaka 2012. Phata la mlanduwo ndi funso lokhudza aliyense amene ali ndi foni kapena kompyuta: ukapereka ndalama pa pulogalamu, wagula chinthu kapena wangogula chilolezo chochigwiritsa ntchito?

Zitsulo pazokha sizidziwa kanthu

Mukamasula masikuluwu kunsi kwa laputopu mupezamo purosesa, RAM, hard drive, kafani, kakhadi ka Wi-Fi kokhala ndi timawaya tiwiri. Zogwirika ndi manja zonsezi ndiye amati hardware. Chimene chimazilamula ndi operating system, ambiri amangoti OS, pulogalamu yaikulu imene imayamba kudzuka mukadina batani loyatsira, n'kumagawa ntchito kuti izi zipite pa sikirini, izi zisungidwe, izi zituluke mu sipika. Windows ndi OS, Android ya mufoni ndi OS, Linux ndi OS, ndipo ya Apple nthawi ya mlanduwu inkatchedwa Mac OS X, pano ndi macOS.

Koma OS sibadwa ikudziwa chitsulo chilichonse. Kakhadi ka sound ka kampani iyi kamalankhula mosiyana ndi ka kampani ina, ndiye pamafunika womasulira pakati, kapulogalamu kakang'ono kotchedwa driver. Amene munafomatapo laputopu n'kupeza kuti sound kulibe, Wi-Fi siikugwira, zilembo pa sikirini zangotupa, mukuwadziwa kale ma driver ngakhale simunawatchule dzina. Kulemba ma driver, kuwayesa, kuwakonza akayamba kuvuta, ndi ntchito yodya ndalama komanso anthu, n'chifukwa chake OS iliyonse ili ndi mndandanda wa makina amene imawavomereza ndi amene siiwadziwa.

Apa ndi pamene Microsoft ndi Apple anatenga njira zosiyana kalekale. Microsoft inati ife tizipanga Windows n'kumagulitsa laisensi kwa aliyense wopanga makompyuta, kaya Dell, kaya HP, kaya Lenovo, ndalama zathu zizichokera pamenepo. Apple inati ayi, OS ndi makina ndi katundu mmodzi, timapanga OS kuti anthu agule Mac. Mukamvetsa zimenezi mwamvetsa theka la mlandu.

Laisensi ija timangodina Agree osawerenga

Mac OS X 10.5, yotchedwa Leopard, inatuluka mu Okutobala 2007 ndipo inkagulitsidwa mushopu, bokosi lokhala ndi DVD mkati, pa madola 129. Aliyense amatha kulowa, kulipira, kutuluka ndi lisiti, palibe amakufunsa ngati uli ndi Mac kunyumba. Koma ukayamba kuiika pamabwera tsamba lalitali lija la tizilembo ting'onoting'ono, pansi pake batani loti Agree. Tsamba limenelo ndiye laisensi, mgwirizano wa pakati pa iwe ndi mwini pulogalamu. Munali zinthu ziwiri zikuluzikulu: choyamba, pulogalamuyi takubwereka mwa chilolezo, sitinakugulitse, chachiwiri, uiike pa kompyuta imodzi yokha yokhala ndi chizindikiro cha Apple.

Kuti timvane bwino taganizani za nyumba. Mukagula nyumba ndi yanu, pentani mtundu uliwonse, gumulani khoma, igulitseni mawa ngati mwafuna. Mukachita lendi landilodi ali ndi ufulu wonena kuti muno musawetemo nkhumba, musatsegulemo shabini, musalowetsemo banja lina, ndipo mukasaina mwavomera. Apple imati inu ndi a lendi. Vuto n'lakuti munthu amene watuluka mushopu bokosi kumanja lisiti m'thumba samadziona ngati wa lendi ayi, ndipo lendi yakeyi njachilendo, yolipira kamodzi basi, yopanda tsiku lotulukamo, landilodi sadzabweranso kudzatenga kiyi. Ndiye ena amati imeneyo si lendi, n'kugula kumene, kungoti mwalembapo dzina lina.

Kusiyanaku n'kofunika chifukwa cha lamulo lina lakale la ku America lotchedwa first sale, lomwe khoti lalikulu la dzikolo linalikhazikitsa mu 1908 pa mlandu wa mabuku. Lamulolo limati mukagula buku, wolemba sangakuletseni kuligulitsa kwa mnzanu kapena kulibwereketsa, mphamvu yake pa buku limodzi lomwelo yatha. Chimene simungachite n'kupita nalo pa fotokope n'kumagulitsa makope, umenewo ndiye umwini wa wolemba, copyright. Koma first sale imateteza mwini chinthu, wa lendi siimuteteza.

Mpanda wachibadwa unagwa mu 2006

Kwa zaka zambiri Apple sinkavutika kulondera lamulo lakeli, chifukwa Mac inkayendera purosesa ya mtundu wina, PowerPC, pamene ma PC ankayendera Intel ndi AMD. Disiki ya Mac ukaiika mu PC sinkachita kanthu, ngati kuthira dizilo mu galimoto ya petulo. Mu Juni 2005 Steve Jobs, mkulu wa Apple nthawi imeneyo, analengeza kuti Mac ikusamukira ku Intel, ndipo zoyamba zinatuluka mu Januwale 2006. Kuyambira pamenepo mkati mwa Mac munayamba kufanana kwambiri ndi mkati mwa PC wamba, purosesa yomweyo, RAM yomweyo.

Anyamata okonda kusewera ndi makompyuta sanachedwe, anayamba kupeza njira zoyendetsera Mac OS X pa PC zawo, n'kumagawana nzeru pa intaneti kwaulere. Makina otero ndi amene amatchedwa Hackintosh, omwe mphwanga uja anawaona pa YouTube. Apple inkadziwa kuti zidzatero ndiye inaikiratu loko: mafailo ena ofunika a mu OS inawatseka mwachinsinsi, kiyi yake n'kuisunga mu kachipu kena kopezeka mu Mac mokha. Failo yogwira ntchito imeneyi anaitcha dzina losabisa mawu, Dont Steal Mac OS X. Kuti OS iyake pa makina ena, pamayenera kupezeka njira yolambalala loko ameneyu, ndipo mfundo imeneyi idzabweranso kutsogoloku.

Palinso bala lakale lomwe Apple inali nalo. Pakati pa 1995 ndi 1997 inayesapo njira ya Microsoft ija, n'kupereka laisensi kwa makampani monga Power Computing, UMAX ndi Motorola kuti azipanga makompyuta oyendera Mac OS. Cholinga chinali kukopa anthu atsopano, koma ambiri ogula anali makasitomala akale a Apple omwe, amene anaona makina othamanga pa mtengo wotsika. Jobs atabwerera ku kampaniyo mu 1997 anaithetsa ndondomekoyo, mpaka Apple inagula bizinesi ya Mac ya Power Computing pa madola 100 miliyoni. Ndiye pamene Psystar imatulukira, ku Apple inali nkhani yoti tinaionapo kale ndipo inatipweteka.

Psystar inalowa poyera

Psystar inali ya abale awiri, Rudy ndi Robert Pedraza, ku dera la Miami. Mu Epulo 2008 anayamba kutsatsa kompyuta yotchedwa OpenMac, patangopita masiku ochepa n'kuisintha dzina kukhala Open Computer. Mtengo woyambira unali madola 399, ndipo ukafuna ikubwerere ndi Leopard yoikidwa kale umalipira cha m'ma 550. Nthawi imeneyo Mac yotchipa kwambiri, Mac mini, inkayambira madola 599, ndipo kanali kabokosi kovuta kusinthamo zinthu, pamene ya Psystar inali bokosi lalikulu loti utha kutsegula n'kuwonjezera chimene wafuna. Zimene anyamata a Hackintosh ankachitira kuchipinda usiku, iwowa anaziika pa msika masana, ndi mtengo wake.

Apple inasumira pa 3 Julayi 2008 ku khoti la boma lalikulu la America (federal) kumpoto kwa California, mlandu n'kugwera jaji William Alsup, yemweyu amene pambuyo pake anadzamva mlandu wa Oracle ndi Google pa nkhani ya Android.

Psystar inabwezera ndi mlandu wake woti Apple ikuphwanya malamulo a mpikisano pa malonda. Mfundo yawo inali yoti Mac OS ndi msika pawokha, wogulitsa ndi mmodzi, ndipo akukakamiza aliyense wofuna OS imeneyo kugulanso makina ake, ngati wachigayo yekhayo m'dera amene akuti ndikugayirani pokhapokha chimangacho mwagula kwa ine. Jaji anaitaya mfundoyi mu Novembala 2008. Anati chigayo sichimodzi ayi, Mac OS ikupikisana ndi Windows ndi ma OS ena, wosakondwa ndi malamulo a Apple ali nako kopita, ndipo katundu wa kampani imodzi sangangotengedwa ngati msika wonse chifukwa choti ali ndi omukonda kwambiri. Mu Meyi 2009 Psystar inakapempha chitetezo kukhoti ngati kampani yolephera kubweza ngongole, koma sipanapite nthawi inatulukamo, mlandu n'kupitirira.

Pamene mlandu unathera: mmene ankaikira OS

Anthu ambiri amaganiza kuti Psystar inkatenga DVD imodzi, kuiika mu kompyuta imodzi, n'kugulitsa zonse pamodzi. Zikanakhala choncho mwina nkhani ya first sale ikanakhala ndi mphamvu. Koma zimene zinatuluka kukhoti n'zina. Iwo anaika Mac OS X pa Mac mini yeniyeni, n'kuikopera pa kompyuta yawo, m'menemo n'kusintha zinthu: anachotsa kapulogalamu ka Apple koyatsira OS n'kuikapo kawo, anachotsa kapena kuzimitsa mafailo ena, n'kuwonjezera awo oti OS izindikire zitsulo zachilendo komanso itsegule loko uja. Kope yosinthidwayi ndi imene inakhala mbeu, ndipo kompyuta iliyonse yopita kwa kasitomala inkalandira kope kuchokera pa mbeu imeneyi. DVD yogula mushopu ija inkangoikidwa mu katoni, yosagwiritsidwa ntchito.

Psystar inkati nanga vuto lili pati, tagula DVD, Apple yalandira madola ake 129, njira yoikira ndi yongofulumizitsa ntchito basi. Pa 13 Novembala 2009 jaji Alsup anagamula mokomera Apple osadikira n'komwe kuti mlandu ufike kwa jury, gulu la anthu wamba osankhidwa kumva umboni n'kugamula. Anati ngakhale titavomereza kuti DVD ndi yanu, first sale imakulolani kugulitsa DVD yomweyo, osati makope opangidwa popanda chilolezo, ndiye tabwerera ku fotokope kuja. Anatinso kusintha mafailo kuja n'kupanga chinthu chatsopano kuchokera pa ntchito ya mwini wake, chomwe copyright imaletsanso. Pamwamba pa izo panali lamulo la 1998 lotchedwa DMCA, lomwe limati kuthyola loko woteteza pulogalamu, kapena kugawa chida chothyolera, ndi mlandu pawokha posatengera kuti mkatimo mwatengamo chiyani.

Mu Disembala 2009 mbali ziwirizi zinagwirizana kuti chipukuta misozi cha kwa Apple chikhale pafupifupi madola 2.7 miliyoni, ndipo khoti linapereka chiletso chamuyaya choti Psystar isagulitsenso makina okhala ndi Mac OS X kapena kuthandiza ena kuthyola loko. Chimene chimandidabwitsa mpaka lero ndi nambala iyi: kuyambira Epulo 2008 kufika Ogasiti 2009, Psystar inagulitsa makompyuta 768 okha. Apple inkagulitsa ma Mac mamiliyoni pa miyezi itatu iliyonse. Ndiye nkhondo yonseyi sinali ya makina 768 amenewo, koma ya zomwe zikanachitika Psystar ikanapambana, chifukwa tsiku lomwelo kampani ina iliyonse yaikulu ikanatha kuchita chimodzimodzi.

Ndipo si onse a Hackintosh amene ankaikondera Psystar. Ena mwa amene analemba timapulogalamu toyatsira OS pa PC anadandaula kuti ntchito imene anaipereka kwaulere yatengedwa n'kumagulitsidwa mosatsata laisensi yawo, makamaka Psystar itatulutsa pulogalamu yake yolipira ya Rebel EFI mu Okutobala 2009. Kampani yomwe inkalimbana ndi laisensi ya wamkulu inkanenedwanso kuti ikuponda laisensi za ang'onoang'ono.

Apilo: kodi mwini copyright angaonjeze?

Psystar inachita apilo ku khoti lomva ma apilo lotchedwa Ninth Circuit ndi mfundo imene kwa ine ndi yokoma kwambiri pa mlandu wonsewu. Inati chabwino, Apple ndi mwini wa OS, koma copyright ndi ya pulogalamu, osati ya zitsulo. Apple ilibe umwini pa purosesa ya Intel kapena RAM, ndiye ikamagwiritsa ntchito copyright kulamula kuti anthu agule makina a ndani, yatambasula dzanja kupitirira malire a munda wake. M'malamulo a ku America chimenechi chili ndi dzina, copyright misuse, ndipo khoti likapeza kuti mwini wachita zimenezo limakana kumuthandiza mpaka atasiya.

Pa 28 Seputembala 2011 khotilo linakana. Linatsamira pa chigamulo chake cha 2010 pa mlandu wa Vernor ndi Autodesk, chomwe chinati munthu ndi wa lendi osati mwini ngati wopanga pulogalamu wanena kuti ndi laisensi, waletsa kuipatsira ena mwachisawawa, komanso waika malire a kagwiritsidwe ntchito. Laisensi ya Apple inali ndi zonsezo. Pa nkhani ya kuonjeza ija, khoti linati laisensiyo siikuletsa Psystar kapena wina aliyense kulemba OS yakeyake, siikuletsa kupanga ndi kugulitsa makompyuta, ikungonena kumene OS ya Apple ingaikidwe. Mukufuna kupikisana, pangani yanu. Mu Meyi 2012 khoti lalikulu la dzikolo linakana kuumva mlanduwo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zoti munthu sungangozitaya. A Apple amati mtengo wa madola 129 unali wotsika chifukwa ndalama zenizeni zolipirira olemba OS zimachokera pa kugulitsa Mac, wina akatenga OS yokha wadya nsima osalima, ndipo kukhala ndi makina ochepa odziwika bwino n'kumene kumathandiza kuti ma driver aziyesedwa mokwanira zinthu zisamavute. Otsutsa amati mayeso a Vernor aja ndi osavuta kukhoza, chifukwa zonse zitatu amalemba ndi wogulitsa yemweyo, ndiye kampani iliyonse ikhoza kusandutsa wogula kukhala wa lendi pongolemba ndime zingapo zomwe palibe amawerenga. Amatinso mawu oti pangani OS yanu n'ngosavuta kunena, koma OS yopanda mapulogalamu amene anthu amawafuna ndi sitolo yopanda katundu.

Ku Ulaya anaiona mosiyanako. Mu Julayi 2012, patangopita miyezi iwiri, khoti lalikulu la European Union pa mlandu wa UsedSoft ndi Oracle linati laisensi yolipira kamodzi yopanda tsiku lothera ndi kugulitsa ndithu, ndipo wogulayo angathe kuigulitsanso bola iye afufute kope yake. Mlandu umenewo sunali wa zitsulo, koma ukusonyeza kuti funso la lendi kapena kugula lilibe yankho limodzi dziko lonse lapansi. Dziko lililonse lili ndi lamulo lake, kwathu kuno ndi Copyright Act ya 2016, ndipo chigamulo cha ku California sichimanga jaji wa ku Blantyre, ngakhale mawu a mu laisensi amene timadina Agree ndi omwewo.

Nanga lero zili pati?

Apple inasiya kugulitsa OS yake. Kuyambira pa OS yotchedwa Mavericks mu Okutobala 2013 imaperekedwa ulere kwa amene ali ndi Mac, ndiye mfundo yoti ndagula DVD ndi ndalama zanga inafa yokha, kulibenso DVD yogula. Laisensi ikunenabe kuti ndi ya makina a Apple okha. Mlandu wa Psystar unali wa kampani yochita malonda, osati munthu woyesa yekha kunyumba, koma zimenezo sizikusintha zolembedwa mu laisensi.

Chachikulu chinachitika mu 2020, pamene Apple inayamba kusiya Intel n'kumaika mapurosesa opanga yokha, kuyambira ndi M1 mu Novembala chaka chimenecho. Mpanda wachibadwa uja wabwereranso. Hackintosh inkatheka chifukwa macOS inali ndi mbali yolembedwera Intel, ndiye Tahoe ikakhala yomaliza, zotuluka pambuyo pake sizidzakhalanso ndi mbali imeneyo yoti munthu aigwirepo.

Nkhani ya makina ovomerezeka siya Apple yokha, ndipo kwa ife ogula malaputopu ogwiritsidwa kale ntchito imatifika pakhomo kudzera ku Windows. Windows 11 inatuluka mu Okutobala 2021 ikufuna kachipu ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, kwa Intel makamaka kuyambira 8th generation, ndipo Microsoft inasiya kupereka chithandizo chake cha masiku onse ku Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Si mlandu wofanana ndi wa Psystar, apa palibe akukuletsani kugula makina a kampani ina, koma mphamvu yake ndi yomweyo: wolemba OS ndi amene amanena kuti makina ati akhalabe pa mndandanda, ngakhale laputopuyo ikuyaka bwinobwino, batire ikusunga moto, kiyibodi yonse ikugwira. Linux imayenda pa mfundo ina, laisensi yake ya GPL imalola aliyense kuiika pa makina alionse, kuisintha ndi kuigawa bola zosinthazo nazonso zikhale poyera, n'chifukwa chake malaputopu akale ambiri amathera kumeneko.

Mphwanga uja ndinamufunsa kaye kuti chimene ukufuna kwenikweni ndi macOS kapena pulogalamu inayake yojambulira nyimbo. Anati ndi Logic Pro, yomwe ndi ya Apple ndipo ilibe ya Windows. Ndinamuuza kuti pa laputopu yakeyo mwina zingatheke atalimbana nazo masiku angapo, mwina Wi-Fi kapena sound osagwira chifukwa cha ma driver aja, kuti laisensi siikumulola, komanso kuti ngakhale zitatheka njirayo ikuthera pa Tahoe. Pano akufunsa mitengo ya MacBook ya M1 yogwiritsidwa kale ntchito kwa mnzake wa ku Johannesburg, uku akuyesa kaye mapulogalamu ena amene amayenda pa Windows.